Makolo akafooka: wosamalira, nesi, a mafizo kapena malo osungirako okalamba, timasankha bwanji?

Mabanja ambiri nkhani iyi amaiyamba zinthu zitavuta kale. Amayi agwa kubafa, kapena abambo angotuluka kumene mchipatala atadwala sitiroko, ndiye pagulupu ya WhatsApp ya ana pali moto, wina akuti tingopeza munthu azikhala nawo, wina akuti ayi awa akufunika nesi weniweni, wina wafufuza kale pa intaneti malo osungirako okalamba mpaka watumiza zithunzi, wina ali duu osayankha chifukwa akudziwa kuti zonsezi zikathera pa iyeyo. Aliyense akukamba za komwe makolowo azikakhala ndi amene alembedwe ntchito, koma zoti chikuwakanika kwenikweni ndi chani, chayamba liti, ndipo chingabwerere mchimake kapena ayi, palibe wafunsa. Ine ndimaona kuti ndalama zambiri zimatayikira pomwepa, chifukwa thandizo la okalamba lili mitundumitundu ndipo mtundu uliwonse uli ndi vuto lake lomwe umathana nalo, mukasemphanitsa mumalipira mwezi ndi mwezi koma vuto lili pompo.

Poyambira pabwino ndi kulemba zomwe akutha ndi zomwe sakutha, ndipo achipatala ali nawo kale muyeso wake. Mu 1963 dokotala wa ku America Sidney Katz ndi anzake anandandalika zinthu 6 zomwe munthu amadzichitira tsiku ndi tsiku, kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kudzuka pabedi nkukakhala pampando, kugwira mkodzo ndi chimbudzi osadziipitsira, komanso kudya yekha. Anaonanso kuti zimenezi sizitayika chisawawa, kawirikawiri kusamba ndi komwe kumayamba kuvuta pomwe kudya kumatsalira kumapeto. Kenako mu 1969 Lawton ndi Brody anabwera ndi gulu lina la ntchito zofuna mutu kwambiri, kuimba foni, kukagula zinthu, kuphika, kuchapa, kukonza mnyumba, kuyenda ulendo, kumwa mankhwala pa nthawi yake ndi kuyendetsa ndalama. Gulu lachiwirili ndi lomwe limayamba kugwa, ndipo limagwa mwakachetechete. Munthu amene akuiwala kulipira mabilu ndi kupsereza mapoto koma akusamba ndi kuvala yekha safunika womudikirira usana ndi usiku, maola angapo pa tsiku akhoza kukwana. Amene sadzuka pabedi popanda womugwira, imeneyo ndi nkhani ina. Ndipo musangofunsa kuti "amayi mumasamba nokha?" chifukwa yankho likhala eya basi, kholo silifuna kuoneka lofooka pamaso pa mwana wake. Khalani nawo muone ndi maso anu, ndi usiku womwe.

Musanalembe aliyense ntchito, aonedwe kaye ndi dokotala, osati kuonedwa kwa maminitsi asanu pokatenga mankhwala a BP kuja, koma kuunikidwa zonse, thupi, mutu, maso, makutu, kayendedwe, mankhwala omwe akumwa. Alipo madokotala omwe anaphunzira za okalamba zokhazokha, ma geriatrician, kungoti ndi ochepa pafupifupi dziko lililonse, ndiye akapanda kupezeka dokotala wamba woleza mtima akhoza kuigwira ntchitoyo. Chifukwa chake nchakuti zambiri zomwe timangoti "aaa ndi ukalamba umenewo" zimachizika. Amene anazionetsa poyera ndi Marjory Warren wa ku West Middlesex Hospital ku England, yemwe mu 1935 anapatsidwa mawodi odzaza ndi okalamba mazanamazana omwe anthu anali atawataya kale mtima kuti awa akungodikira tsiku. Iye anayamba kuwayeza mmodzimmodzi, kupeza matenda enieni, kuwadzutsa pabedi, kuwayendetsa, ndipo ambiri ndithu anatuluka mchipatala. Mpaka lero zomwe zimapezeka ndi zomwezo, munthu wasiya kucheza chifukwa sakumva, akugwa chifukwa cha ng'ala mmaso kapena BP imatsika akangoimirira, sakudya chifukwa cha mano kapena matenda okhumudwa.

Mankhwala nawo ali ndi mlandu waukulu. Impso ndi chiwindi za wokalamba sizichotsa mankhwala mthupi mwachangu ngati kale, ndiye amene akumwa mitundu 5 kapena kuposa, yolembedwa ndi madokotala osiyanasiyana omwe sanakambiranepo, ali pa chiopsezo. Kuli mndandanda wotchedwa Beers, unayamba mu 1991 ndipo amaukonzanso pakapita zaka, wa mankhwala omwe okalamba ayenera kusamala nawo, mulinso mapilitsi ogonetsa ngati diazepam ndi ena a ziwengo omwe amabweretsa tulo aja. Munthu akhoza kumadzandira, kugwa, kuiwalaiwala, inu nkumafunafuna wosamalira wa usiku, pomwe choyambitsa ndi piritsi limodzi lomwe amamwa pogona. Ikani zonse mjumbo, za kuchipatala, zogula nokha, zazitsamba, mukazikhuthule pa tebulo la dokotala. Koma osawasiyitsa nokha, ena mwa mankhwalawa kuwasiya mwadzidzidzi nkoopsa.

Pa za kusokonezeka mutu ndikhalitsepo pang'ono chifukwa apa mabanja amapanga ziganizo zazikulu pa chinthu cholakwika. Dementia, matenda a muubongo omwe amachititsa munthu kuiwala ndi kulephera kuganiza bwino, imabwera pang'onopang'ono, miyezi mpaka zaka. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati anthu oposa 55 miliyoni ali nayo padziko lonse, ndipo pakati pa 60 ndi 70 pa 100 aliwonse ndi ya mtundu wa Alzheimer. Koma ngati amayi anali bwinobwino Lolemba ndiye pofika Lachinayi sakukuzindikirani, akuona zinthu zomwe palibe, mmawa akukhalako bwino madzulo asokonekeratu, kapena angokhala ofooka ndi tulo tosatha, imeneyo nthawi zambiri ndi delirium, ndipo ndi yothamangira nayo kuchipatala tsiku lomwelo. Imayamba chifukwa cha chibayo, matenda a mchikhodzodzo, kuchepa kwa madzi mthupi, kudzimbidwa, ululu, mankhwala atsopano kapena opaleshoni, ndipo gwero lake likapezeka imatha, olo kuti ena zimawatengera masabata. Ndiye tangoganizani banja lasainira malo osungirako okalamba, latulutsa katundu mnyumba ya amayi mu sabata imeneyo, patapita mwezi amayi abwerera mchimake akufunsa makiyi a nyumba yawo.

Tsopano tibwere pa anthu ake. Wosamalira wa pakhomo ntchito yake ndi kusambitsa, kuveka, kudyetsa, kuperekeza kuchimbudzi, kusintha matewera, kukumbutsa mankhwala, ndi kucheza nawo komwe, komwe sikocheperanso ayi. Nesi ndi wa zachipatala, kutsuka mabala, kubaya jakisoni, kusintha katheta (kapaipi kotulutsira mkodzo), kuyang'anira chubu chodyetsera, kulondoloza shuga ndi insulin, ndiponso kuzindikira msanga kuti apa zinthu zayamba kupotoka. Anthu ambiri amaganiza kuti nesi ndi wosamalira wapamwamba, ndiye ndalama zikakhalapo amalemba nesi wa tsiku lonse kuti asonyeze chikondi. Kwa ine kumeneko nkuononga ndalama, chifukwa ntchito ya unesi pa tsiku mwina ndi ya ola limodzi, maola ena onsewo ndi osambitsa ndi kukhala pafupi. Chomwe chimayenda bwino kwa ambiri ndi wosamalira wa tsiku ndi tsiku, nesi nkumabwera masiku ena kudzaona, kudzachita zake ndi kumuphunzitsa wosamalirayo.

Kulakwitsa kwinako ndi komwe kumandiopsa kwambiri, kutenga wantchito wa mnyumba yemwe sanaphunzirepo kalikonse nkumusiira munthu wogona pabedi. Sikuti mtima wabwino alibe, koma sadziwa kuti munthu wosatha kudzitembenuza amatuluka zilonda pamatako, mchiuno ndi kuzidendene mmaola ochepa chabe, kuti amafunika kumutembenuza pafupifupi maola 2 aliwonse, kuti khungu likasintha mtundu kapena kutentha pamalo amodzi osabwerera ndiye chilonda chayamba kale mkati. Sadziwa kuti munthu wa sitiroko osamukoka dzanja lofookalo podzutsa chifukwa phewa limaonongeka, ndipo iye mwini msana umatha chifukwa chonyamula molakwika. Mukamafunsa munthu ntchito musamufunse ngati amakonda okalamba, aliyense ati eya. Mufunseni achite chani abambo akatsamwa, akagwa pansi, akakana kusamba sabata yathunthu.

Kaya mumupeza kudzera ku ejensi kapena nokha, zonse zili ndi mtengo wake. Ejensi imadula, koma wosamalira akadwala amatumiza wina, ndipo ejensi yabwino imafufuza mbiri ya antchito ake ndi kuwayendera. Mukalemba nokha bwana ndinu, malipiro, tchuthi, kontrakiti, malamulo a ntchito a dziko lanu, ndi mutu wa tsiku lomwe sanabwere, zonse ndi zanu. Ku ejensi funsani ngati azibwera munthu yemweyo tsiku lililonse, makamaka kwa a dementia, chifukwa nkhope yatsopano mmawa uliwonse ikubwera kudzawavula kuti asambe, olo inuyo mungakane.

Ndiye pali usiku, ndipo usiku ndi umene umagamula zambiri. Sabata ili ndi maola 168. Munthu mmodzi pa ntchito amagwira maola 40 mpaka 48 pa sabata. Ndiye ngati abambo amafuna munthu wokhala maso nthawi zonse, akudzuka kanayi usiku, akutsegula chitseko kufuna "kupita kwawo", pamenepo mukufunika anthu 4 osinthana mashifiti osati mmodzi. Wosamalira wogonera pakhomo amatheka pokhapokha kholo limagona usiku wonse kapena limangodzuka kamodzi. Kupanda apo mumakhala ndi munthu wosagona, wotopa, waukali, yemwe asiya ntchito pakatha miyezi iwiri kapena ayamba kuwakalipira abambo inu kulibe, ndipo inu nkumadabwa kuti bwanji antchito sakhalitsa.

Gulu lomwe limaiwalika kwambiri ndi la obwezeretsa mphamvu, pomwe ndi okhawa amene ntchito yawo ndi yochepetsa thandizo lomwe mudzalipire mtsogolo. A mafizo amalimbitsa miyendo, kuphunzitsanso kudzuka, kuyenda, kukwera masitepe, kugwiritsa ntchito ndodo moyenera. A WHO amati pafupifupi 28 mpaka 35 pa 100 aliwonse a zaka 65 kupita mtsogolo amagwa chaka chilichonse, ndipo masewera olimbitsa miyendo ndi kuphunzira kuima osadzandira ndi zina mwa njira zotsimikizika zochepetsera kugwako. Palinso occupational therapist, iyeyu amayang'ana munthu pamodzi ndi nyumba yake, pogwirira kubafa, mpando wosambira, chimbudzi chokwezedwa, kapeti yopunthwitsa, getsi la mkhonde, nkuwaphunzitsa kuvala ndi dzanja limodzi ngati linalo linafooka. Pena kuyendera kwake kamodzi kokha kumachotsa kufunika kwa wosambitsa. Wa zolankhula, speech therapist, sikuti ndi wa mawu okha, amaonanso kameredwe, ndipo munthu amene akutsokomola pakudya kapena pakumwa atadwala sitiroko afunika kuonedwa msanga chifukwa chakudya chikamalowera kumapapo chimabweretsa chibayo.

Apa pali kusemphana komwe anthu sakuona. Wosamalira wachifundo amafuna kuwachitira amayi chilichonse, kuwaveka, kuwadyetsa, kuwabweretsera madzi pampando, chifukwa nkofulumira komanso amaopa kuti bwana akapeza amayi akuvutika ndi mabatani aoneka waulesi. Koma minofu ya wokalamba ikangokhala osagwira ntchito imatha msanga kwabasi, masiku ochepa a pabedi amachotsa mphamvu zomwe zimatenga masabata kuti zibwerere. Ndiye mumuuze wosamalirayo momveka kuti chomwe amayi angathe okha achite okha olo zitenge theka la ola, ndipo a mafizo amuonetse zoyenera kumachita nawo masiku omwe iwo sabwera.

Pakati pa kunyumba ndi malo osungirako pali njira zina ziwiri, komwe zikupezeka. Ina ndi malo omwe okalamba amakaswera masana nkubwerera madzulo, amakumana ndi anzawo, mwana amapita kuntchito mtima uli mmalo. Inayo ndi yopumulitsa wolera, wina amabwera kudzagwirizira kapena kholo limakagona kumalo osungirako kwa sabata kapena awiri. Izi ena amaziona ngati zosafunika koma wolera akagwa zonse zimagwa naye, ndipo achipatala anazizindikira kalekale, kuyambira 1980 pali mafunso a Zarit oyezera mmene wolera walemedwera. Mlongo wanu uja amene amangoti "ndili bwino" pafoni, muzimuwerengera nayenso pokonza dongosolo.

Malo osungirako okalamba nawo si amodzi. Ena ndi a anthu omwe akadali ndi mphamvu pang'ono, ali ndi chipinda chawo, amaphikiridwa, amathandizidwa kusamba ndi mankhwala, koma nesi sakhalapo nthawi zonse. Ena ali ndi manesi usana ndi usiku, a anthu odwalika, ogona, ofuna machubu ndi mabala. Mayina amasiyana dziko ndi dziko ndiye musakhulupirire chikwangwani, funsani kuti usiku pamakhala antchito angati pa anthu angati, nesi amakhalapo maola ati, dokotala amabwera liti, ndiponso amayi akafooka kuposa apa muwasunga kapena mutiuza tiwatenge. Funso lomalizali ndi lofunika chifukwa kusamutsa munthu wa dementia kawiri kumamusokoneza kwambiri. Pitani kukaona osapangana nawo, makamaka nthawi ya chakudya kapena kumapeto kwa sabata. Maluwa a pageti asakutengeni mtima, onani ngati anthu ali maso akucheza kapena onse angoti zii pamipando masana ngati apatsidwa mankhwala ogonetsa, ngati ena amangidwa pampando, ngati antchito amawatchula mayina awo, ndipo funsani wantchito mmodzi kuti wakhalapo nthawi yaitali bwanji. Pamalo pomwe antchito amangosinthasintha pali china chake.

Ine sindili mgulu la oti kunyumba nkwabwino nthawi zonse. Munthu wotsekeredwa mchipinda tsiku lonse ndi wantchito mmodzi wotopa yemwe ali pafoni sali bwino kuposa amene ali pamalo abwino pomwe pali anzake ndi nesi. Nkhanza nazo sizisankha malo, a WHO amati pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 a zaka 60 kupita mtsogolo omwe amakhala mmakomo anachitidwapo nkhanza mchaka chimodzi, ndipo kumalo osungirako nako zimachitika. Kulikonse komwe mwasankha, chomwe chimateteza ndi kumafika pafupipafupi nthawi zosiyanasiyana, kuyang'ana pakhungu, kuona sikelo ngati sakutsika, kuona mmene ndalama zawo zikutulukira, ndi kuona nkhope ya amayi wosamalira akalowa.

Pali thandizo lina lomwe mabanja amaliopa akangomva dzina, palliative care, amati ndiye kuti adokotala atitaya. Ntchito yake ndi kuchepetsa ululu, befu, nseru, nkhawa, kwa munthu wa matenda aakulu ngati khansa, mtima wofooka, impso kapena dementia yofika patali, ndipo imatha kuyendera limodzi ndi mankhwala ena ochiza. Hospice ndi mbali yake ya kumapeto kwenikweni, ndipo ya makono inayamba ndi Cicely Saunders yemwe anatsegula St Christopher's ku London mu 1967. Mu 2010 kafukufuku wa ku Massachusetts General Hospital pa odwala khansa ya mmapapo yofalikira anapeza kuti omwe anayamba palliative care msanga ankamva bwinoko, sankakhumudwa kwambiri, ndipo anakhalanso ndi moyo nthawi yotalikirapo, miyezi 11.6 poyerekeza ndi 8.9 ya enawo. Ndiye ngati abambo akungolowa ndi kutuluka mchipatala, ulendo uliwonse akubwerako ofooka kuposa kale, funsani za anthu amenewa, ambiri amayendera ndi kunyumba komwe.

Za ndalama sindikhalitsapo chifukwa zimatengera komwe muli. Germany inayamba inshuwalansi ya chisamaliro cha nthawi yaitali mu 1995, Japan mu 2000, pomwe maiko ambiri zonse zili pa thumba la banja, ndipo olo komwe kuli inshuwalansi ya zaumoyo kawirikawiri imalipira dokotala ndi chipatala koma osati wosambitsa. Amene amadziwa njira zake ndi social worker, wa zachisamaliro cha anthu uja, makamaka wa pachipatala, mumufunefune asanakutulutseni osati mutafika kale kunyumba. Maiko ena kulinso anthu olipidwa kuti azilumikiza zonsezi mmalo mwa ana omwe ali kutali. Powerengera bajeti muziwerengera zaka osati miyezi, dementia imatha kutenga zaka zambiri ndipo mtengo umakwera pamene munthu akufooka. Komanso pepala la kwa loya lopatsa mwana mphamvu zoyendetsa ndalama kapena kupanga ziganizo zachipatala limasainidwa mutu ukadali bwino, mukachedwa nkhani imakathera kukhoti.

Nanga eni ake akakana? Zimachitika kwambiri, ndipo kholo lomwe mutu ukugwira lili ndi ufulu wokana olo inu mukuona kuti likulakwitsa. Kukalamba sikuchotsa ufulu umenewo, olo dementia yoyamba kumene siuchotsa wonse. Nthawi zambiri chomwe akukana si thandizolo koma kuuzidwa zinthu zomwe ana agwirizana kale kumbali, ndi mantha oti lero ndi wosambitsa mawa ndi kuchotsedwa mnyumba. Afunseni chomwe safuna kutaya zivute zitani, ena ndi bedi lawo, ena ndi kupita kukapemphera, ena safuna kusambitsidwa ndi mwana wawo wamwamuna kapena ndi mlendo, ndipo mayankho amenewa amasintha mtundu wa thandizo lomwe mungasankhe. Yambani ndi chaching'ono chomwe avomera, munthu wodzachapa ndi kukonza mnyumba kawiri pa sabata, mugwirizane kuti tiyese mwezi umodzi tione, ndipo pena mawu omwewo akachokera kwa dokotala amamveka kusiyana ndi akachokera kwa inu. Mwezi ukatha mutengenso pepala la zinthu 6 lija ndi la mankhwala mulembenso, ndipo muzibwereza akagwa, akatuluka mchipatala, kapena wosamalira akayamba kudandaula za usiku.